Mwana Wokula Chobwerera

Kalekale, anthu asanasiye kusungunula chitsulo m'ng'anjo, pamudzi wina wa m'tsinde mwa phiri panali mwamuna dzina lake Chidzanja. Anali mwini mbumba, wolimbikira kumunda, koma wouma mutu, ndipo chinthu akachinena kamodzi sankachibweza. Mlongo wake anali Nangondo. Nangondo atakula, Chidzanja anakana amuna onse obwera kudzafunsira mbeta, nati mlongo wake sangakwatiwe ndi munthu wosadziwika kwawo. Anakamutengera yekha msuweni wawo Kamtsitsi, mwana wa azakhali awo, wosula makasu wa kutsidya kwa mtsinje. Ankati magazi amodzi sachitirana chipongwe. Choncho Kamtsitsi anabwera kudzakhala chikamwini.

Mwana wawo woyamba anali wamwamuna. Anabadwa bwinobwino, anakhala pansi, anakwawa, anaima, anayenda. Kenaka anayamba kukula chobwerera. Woyenda uja anabwerera kokwawa, wokwawa anabwerera kokhala, wokhala anagona osadzukanso. Khungu lake linauma nkuchita mamba ngati a nsomba, mimba inatupa, mawu amene ankawadziwa anayamba kumuthawa, ndipo ukamuitana sankacheuka. Anamwalira mano a ubwana asanaguluke.

Inu mukudziwa zimene anthu amanena mwana akatupa ndi kufooka chotere. Amati wasemphedwa: kholo lina layenda panja, labwera lotentha nkudzagwira mwana kapena kumudyetsa zamchere. Mukudziwanso kuti pamudzi chala sichiloza mwana wa pamudzipo mkamwini alipo. Kamtsitsi analumbira mpaka kukhosi kuuma, ndipo pamapeto pake abale a mkazi anamukomera mtima nkumukhululukira mlandu umene sanapalamule.

Wachiwiri anali wamkazi, ndipo mayi ake anamutcha Ndaziona. Kuyambira tsiku lomwe anabadwa, m'nyumbamo simunalowenso mchere. Kamtsitsi anasiya kupita kumowa, anasiyanso kukagulitsa makasu kutali, kuti pasapezeke wonena kuti anamuona kwakutikwakuti. Mwanayo anakula wolongolola. Ankakhala pambali pa bambo ake nkumalimbana ndi mvukuto wokolezera moto, ankatsanzira nyimbo za mayi ake pamtondo, ndipo malume ake akamachokera kumunda ankawathamangira nkuwadumphira kumsana. Chidzanja, munthu amene sankaseka ndi aliyense, ankaseka ndi mwana ameneyu.

Tsiku lina Nangondo akumudzoza mafuta a nsatsi, anamva kuti kuseri kwa mawondo khungu likukhakhala. Sanauze munthu. Pasanapite nthawi Ndaziona anagwa pabwalo losesa, popanda chomupunthwitsa. Kenaka analoza nkhuku nkuyang'ana mayi ake, dzina lake litamusowa.

Chidzanja sanafunse kawiri. Anatenga nyundo ndi mvukuto wa Kamtsitsi nkuziponya panjira.

"Alamu, munatidyera mmodzi, wachiwiriyu simumudya. Dzuwa lisakulowereni pano."

"Ine sindinayendepo, achimwene," anatero Kamtsitsi. "Koma mudzi ndi wanu."

Anayang'ana mkazi wake, mkaziyo anayang'ana pansi. Chete ameneyo anamupweteka kuposa mawu onse a Chidzanja. Anatola zake nkuwoloka mtsinje.

Mkamwini anapita, koma matenda sanapite naye. Abale anamwetsa mwanayo mankhwala onse a tsempho, anamusambitsa, anamufukiza, koma Ndaziona anapitiriza kutsika njira ya mlongo wake uja. Anasiya kuyenda, anasiya kukwawa, zala zinauma, maso anachita nkhungu. Chidzanja anachita mantha, chifukwa panalibenso woti amuloze chala.

Kuseri kwa mapiri kunali ng'anjo zakale zimene eni ake anazisiya, ndipo kunkamveka kuti kumeneko kumakhala nkhalamba ina dzina lake Dzimbiri. Ena ankati ndi sing'anga, ena ankati ndi wosula amene anafa kale koma sanauzidwe. Palibe ankafuna kupitako. Chidzanja anabereka mwanayo ndi nsalu ngati mzimayi, anthu akumuseka chakumbali, nayamba kukwera phiri, Nangondo akutsatira m'mbuyo. Anayenda mpaka mapazi kung'aluka, akufunsa njira kwa anthu amene ankangoloza ndi mlomo nkutseka chitseko.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo, ngakhale ntchentche. Ng'anjo zinali zozizira, zomera udzu m'mbali, koma imodzi inkafuka utsi popanda moto. Pakhomo pake panakhala munthu wowonda akunola kampeni pamwala, ndipo phulusa limene anadutsamo linalibe mapazi ake. Sanawapatse moni. Anagwira khungu la mwanayo, anamupinda zala, anamugogoda pamimba, nati ntchito yaima m'kati. Wofuna kuona, anatero, agone pansi nkugunditsa khutu lake pa khutu la mwana.

"Koma munthu salowa kawiri," anawonjezera, "ndipo sindikulonjeza kuti utuluka."

Nangondo anasendera, koma Chidzanja anamukankhira pambali nkugona iyeyo. Nkhalamba inapitiriza kunola, phokoso la chitsulo pamwala linakula mpaka linadzaza mutu wonse wa Chidzanja.

Anapezeka ali pamudzi waukulu. Dzuwa linali pamutu, koma kunalibe chinthu chokhala ndi mthunzi. Kunalibe nkhuku, galu, kapena utsi. Anthu analipo ambiri, ndipo onse, aatali ndi aafupi omwe, anali ndi nkhope ya Ndaziona. Aliyense anali ndi chida chake ndi dera lake, ndipo Chidzanja anazindikira yekha, monga munthu amazindikirira zinthu kumaloto, kuti a zikwakwa kumpanda akugwira ntchito pakhungu, a nkhwangwa kumizati ali pamafupa, a makasu kunkhokwe ali m'mimba, ndipo a malumo kunyumba za kumtunda ali m'mutu. Paliponse pankamera zinthu zoyera ngati mchere, zolukanalukana ngati luzi, ndipo ntchito yawo inali kuzidula. Ankatema osapuma, osayankhula, koma palibe chimene chinkaduka, chifukwa zida zonse zinali zobuntha. Zoyerazo zinali zitafika m'madenga.

Anakwera pamwamba pake, zikumuluma m'mapazi, nkutsatira mzere wa anthu onyamula zida zatsopano amene ankalowera kuchisakasa cha pakati pamudzi. M'chisakasamo munali mwala wonolera, wouma gwa, ndi anthu awiri atagona pamphasa, maso ali tong'o, manja atapinda. Wina anali ndi nkhope ya Kamtsitsi. Winayo anali ndi nkhope ya Nangondo. Wantchito aliyense ankafika, kutambasula chida chake kwa ogonawo, kudikira pang'ono, nkupitirira nacho chobuntha chomwecho. Chidzanja anawakalipira ogonawo, anawagwedeza, koma anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Pamenepo mmodzi wa antchito anatembenuka, namutambasulira khasu lake, nati ndi mawu a mwana, "Malume."

Chidzanja anatuluka tsitsi lake lonse litachita mbuu.

Dzimbiri anawafotokozera osasiya kunola. Anati m'thupi mwa munthu muli antchito a mitundu yambiri, koma chida cha aliyense chimabadwa chobuntha, ndipo onsewo amadalira wonola mmodzi kuti achikhudze pansonga. Munthu aliyense amalandira onola awiri, wina kwa bambo wina kwa mayi, ndipo mmodzi akakhala wogalamuka ndi wokwana. Kamtsitsi anali ndi wogalamuka mmodzi ndi wogona mmodzi, Nangondo chimodzimodzi, nchifukwa chake onse awiri ankayenda bwinobwino osadziwa kanthu. Wogonayo onse anamutenga kwa agogo awo amodzi. Ana awiri aja tsoka lawo linali loti analandira wogona uku ndi uku.

A kuchipatala masiku ano ali ndi mayina awo. Antchitowa ndi wonola wawo amawatchula ma enzaimu, ndipo nawonso amanena kuti mmodzi yekhayo akalephera, onse amene amadalira iye amaima pamodzi. Koma kale kunalibe mawu amenewo, kunali mkamwini basi.

Chidzanja anafunsa za mchere, za kuyenda panja. Nkhalamba inamuyang'ana koyamba nkumufunsa kuti kodi ukwatiwo anaumanga ndani. Chidzanja anakhala pansi paphulusa. Kenaka ananyamuka yekha, anadutsanso mapiri, anawoloka mtsinje, nakagwada pabwalo la kwawo kwa Kamtsitsi anthu onse akuona, mwini mbumba wa imvi kugwadira mkamwini amene anamuponyera nyundo panjira. Ananena poyera kuti munthuyu sanasemphe mwana, woyamba kapena wachiwiri. Alongo ake a Kamtsitsi anamulalatira mpaka kukhuta, iye ali chigwadire. Kamtsitsi anangofunsa ngati mwana ali moyo, nkuyamba kuyenda patsogolo.

Atakumana onse pang'anjo, Dzimbiri anawauza kuti mankhwala alipo amodzi: wonola wogalamuka asamuke mwa munthu wina nkukakhala mwa mwanayo. Chidzanja anadziguguda pachifuwa kuti atenge wake. Nkhalamba inati ake onse awiri ndi ogalamuka ndithu, koma wonola sayenda cham'mbali, amangotsika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Ndiye panatsala bambo ndi mayi, aliyense ndi mmodzi yekha, ndipo wopereka adzatsala ndi wogona uja nkuyamba kutsika pang'onopang'ono njira imene anawo anatsika. Ndikuuzeni zoona, maso a Chidzanja anathamangira kwa mlamu wake asanawaletse. Munthu angagwade pabwalo, koma mkamwini amakhalabe mkamwini. Kamtsitsi anawaona masowo, nati asavutike, apereka iyeyo.

Koma panali chinanso. Wonola ndi wosalimba, sakwera pamulu, ndipo akakhudza zoyera zija amagona ngati anzake. Panafunika wina akayambe walambula njira kuchoka pachipata mpaka pachisakasa. Chidzanja anali atalowa kale. Kamtsitsi anati akalambula, akatuluka apereka wonola wake kwa mkazi wake kuti akamulowetse, nagona pansi.

Chitsulo cha kunja sichilowa, cha m'kati chinali chobuntha, choncho wosula makasu anakumba ndi manja. Zoyerazo zinkaluma ngati chidulo pabala. Zinadya khungu, zinadya zikhadabo, zinafika pamafupa a zala. Antchito anasiya kutema nkuima m'mbali mwa njira, mazanamazana a nkhope za mwana wake zikumuyang'ana osaphethira. Zala zitakana anakumba ndi zikhatho, zikhatho zitakana anakankha ndi zigongono, akukwawa, mpaka mutu wake unagunda mzati wa chisakasa. Anatuluka atakomoka, manja ake ali ngati zikuni zozima.

"Zoyera zikumeranso munjira," anatero Dzimbiri.

Chidzanja anamuthira madzi mlamu wake, anamugwedeza, anamuomba mbama, koma munthuyo sanatsitsimuke. Potembenuka anaona Nangondo akugona pambali pa mwana. Anamugwira mkono.

"Munandisankhira mwamuna, ndinakhala chete," anatero Nangondo. "Munamuthamangitsa, ndinakhala chete. Lero ndisiyeni, achimwene."

Analowa atagwira dzanja la wonola wake, kamzimayi kakang'ono ka nkhope yake yomwe, kamene kankangocheukira m'mbuyo ngati mwana wopita kwa eni. Anayenda munjira yofiira ndi magazi a mwamuna wake, zoyera zija zikusendera uku ndi uku. Pachisakasa anakakhazika pafupi ndi ogona aja. Kamzimayiko kanalavulira pamwala, kanalandira chikwakwa choyamba, nkuchikhudza pamalo amodzi okha, pansonga. Mwini chikwakwa anatema, ndipo chinthu chinaduka nkugwa. Mudzi wonse unatembenuka kuyang'ana kumene kwamveka phokosolo, mzere nkuyamba kutalika. Nangondo anasanzika, koma kamzimayiko sikanadzutsenso mutu.

Atatuluka anapeza mwamuna wake atatsitsimuka, akulira chifukwa anazindikira zimene zachitika. Nangondo anapisa dzanja kuseri kwa mawondo ake nkumva kukhakhala. Anafuna kupempha madzi, analoza chikho, koma dzina lake linamuchedwera kubwera.

Mwana uja anapuma mpweya wautali. Chala chake chimodzi chinagwedezeka, ndipo mamba a pamkono anayamba kuyoyoka ngati gaga. Atatuwo anaiwala zowawa zawo nkumuzungulira. Apa ndi pamene Dzimbiri anasiya kunola, ndipo chete amene anagwa pamalopo anali woopsa kuposa phokoso lija. Anapisa mkono m'kamwa mwa ng'anjo mpaka paphewa, natulutsa tinthu titatu tokutidwa ndi zoyera, nkutipukuta ndi chala. Tinali tinkhope tating'ono: ka Chidzanja, ka Kamtsitsi ndi ka Nangondo.

Anati m'nyumba za kumtunda, m'mutu mwa mwana, muli khoma limene munthu amapachikapo nkhope za anthu ake. Khoma la Ndaziona linali litadyeka, ndipo a malumo akusesa zonse zimene zinakwiririka. Adzamanga lina, ndipo mwanayo adzaphunzira anthu atsopano monga mwana aliyense. Koma atatuwa anali atalowa kale mwa iye, ndipo munthu salowa kawiri. Chimene chikanatheka nkubwezera nkhope yakale pamalo pake, koma pakhoma lakalelo panatsala chikhomo chimodzi chokha. Amene nkhope yake ibwezeredwe, mwanayo adzamudziwa ndi kumukonda mpaka imfa. Awiri enawo adzakhala alendo kwa iye m'mawa uliwonse, ngakhale atagona nawo nyumba imodzi moyo wake wonse.

Chidzanja anayamba, mawu ali pansi. Anati iye ndiye anamubereka kudutsa mapiri pamene ena ankaopa, ndiye analowa koyamba asakudziwa ngati atuluka, ndipo popanda iye wina aliyense akanakhala akunenabe za mchere. Anavomera kuti analakwa. Koma anati ayang'ane amene watsala ndi manja ndi nzeru zoti alime nkudyetsa mwanayu, pamodzi ndi mayi ake ndi bambo ake omwe. Mwana wodzuka tsiku ndi tsiku m'nyumba ya mlendo adzathawira kutchire, ndipo adzamugwira bwanji akumuopa?

Kamtsitsi anati sakufuna kukangana ndi munthu. Mwana woyamba anamuika m'manda akutchedwa womupha, wachiwiri anamulandidwa akudwala, ndipo tsopano nyundo sadzaigwiranso. Anakweza zotsala za manja ake.

"Ndi izi sindingamunyamule, sindingamudyetse. Chimene chatsala nchakuti iye abwere yekha kwa ine. Akapanda kundidziwa, abwera bwanji?"

Nangondo anachedwa kuyankhula, chifukwa mawu anali atayamba kumuzemba. Onse ankayembekeza kuti akana, poti iye ndiye adzaiwale mwanayo posachedwa, ndipo Ndaziona adzakhala akuitana mayi amene sakumucheukira. Koma sanakane.

"Ine ndidzamuiwala, ndikudziwa," anatero. "Koma tisadzakhale tonse awiri m'nyumba imodzi, mayi ndi mwana, popanda wodziwa mnzake."

Zikope za Ndaziona zinayamba kugwedezeka. Dzimbiri anatambasula dzanja lake, tinkhope titatu tili pachikhatho, nati asankhe asanatsegule maso, chifukwa akatsegula chikhomo chikhala chopanda kanthu mpaka kalekale.

Ine nkhaniyi ndinaimva ikuthera pomwepo, ndipo ndaisenza nthawi yaitali osapeza poitula. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndaibweretsa kwa inu. Pali malume amene anamanga ukwatiwo nkuumasula, koma ndiye anapeza njira ndipo ndiye adzalere mwanayo. Pali bambo wosalakwa amene anasiya manja ake m'kati mwa mwana wake. Pali mayi amene anapereka wonola wake yekhayo, amene mawa sadzadziwa kuti anabereka. Chikhomo ndi chimodzi, ndipo mwana akutsegula maso. Inu mukuti tipachikepo nkhope ya yani?